Boma la India Limaperekeza Makina Ake. Lathu Limaperekeza Ndani?

Lacinayi lililonse madzulo ndimakhala pa maikolofoni ndi pulogalamu ya mitengo ya pamsika. Ndimawerenga mtengo wa cimanga, wa nandolo, wa soya, kenaka ndimatsegula lamya kuti anthu anene zakukhosi. Nchitoyi ndaigwira zaka zambiri, moti madandaulo ambiri ndimawadziwa munthu asanamalize moni: sikelo ya ogula ikuba, mlatho wakokoloka, kwacha yagwanso ndiye malonda a pamalire asokonekera. Koma tsiku lina anaimba mayi wina wosoka zovala pafupi ndi msika wathu kuno ku Milange, ndipo funso lake linandiumitsa pakamwa.

"Acimwene," anatero, "makina anga osokera analembedwa India. Citenje cimene ndikudula panopa, m'mphepete mwake analembamo India. Nandolo amene bambo a kunyumba anagulitsa caka catha, ogula anati akupita ku India. Kodi anthu amenewa ali ndi mankhwala anji amene ife tilibe?"

Ndinaseka, monga timacitira ife a pa wailesi tikasowa yankho, n'kuika nyimbo. Amene munamvera tsiku limenelo mundikhululukire. Ine sukulu ndinalekeza kalasi ya 12, sindine dotolo wa zacuma, koma kuwerenga ndimatha, ndipo nkhaniyi ndakhala ndikuifufuza usiku pa foni mpaka batire kutha. Yankho la mayi aja ndalipeza, ndipo ndaona kuti ndililembe pano, poti mawu a pa wailesi amapita ndi mphepo. Mankhwalawo alipodi, mayi, koma si a kwa sing'anga. Mankhwala awo ndi boma lawo. Munthu wa ku India akapanga makina, boma lake limanyamuka naye, kumuperekeza mpaka pakhomo pa wogula. Cimene ndikufuna tifunse mokweza n'cakuti nanga lathu limaperekeza ndani.

Ndiyambe ndanena kuti sindikukamba za Amwenye a m'masitolo a ku Mocuba, Quelimane kapena Limbe, amene ambiri anabadwira konkuno ngati ife tomwe. Ndikukamba za boma la ku New Delhi ndi kagwiridwe kake ka nchito.

Nsalu isanafike pa tebulo la mayi aja imakhala itadutsa m'makina ena akuluakulu amene ambiri a ife sitinawaonepo. Alipo ocotsa njere m'thonje, ndipo amenewo tili nawo m'dziko muno. Kenaka pali opota ulusi, owomba nsalu, onyika utoto ndi odinda maluwa. Amene amapanga makina amenewa ndiye amadya mnofu, ena tonse timaguguda mafupa. Amagulitsa makina kamodzi, koma zitsulo zosinthira adzakugulitsa zaka makumi awiri, ndipo akawonongeka amatumiza mmisiri wake amene umamulipira m'madola, kumulipiriranso ndege ndi hotela. Mu mzinda wa Coimbatore, kum'mwera kwa India, muli kampani ya Lakshmi Machine Works, imodzi mwa zikuluzikulu pa dziko lonse zopanga makina opota ulusi. Dzinali mulisunge, tikumana nalo kutsogoloku.

Makina otere sagulitsidwa pa mphasa ngati tomato. Amagulitsidwa pa zionetsero za malonda, zimene pa Cipwitikizi timati feira. Kumeneko wogulitsa amalipira malo pa mita iliyonse, amanyamula makina aakulu ngati lole kuwoloka nawo nyanja, amawalumikiza ku magetsi kuti ogula awaone akugwira nchito, ndipo amagona m'hotela sabata yathunthu. Angathe kubwerako osagulitsa kanthu, n'kudzalandira oda patapita zaka ziwiri. Kampani yaing'ono singapirire zimenezo payokha. Ndiye boma la India, kudzera mu unduna wake wa zamalonda, lili ndi thumba lapadera. Thumbali limalipira gawo la mtengo wa malo pamene makampani apita ku cionetsero ca kunja monga gulu, ndipo limabwezera amalonda ang'onoang'ono ndalama ya tikiti ya ndege. Apa tamvani bwino: limathandizanso kulipira ulendo wa ogula ocokera kunja kuti abwere ku India adzaone katundu. Zili ngati bambo amene mwana wake amasema mipando, iye n'kumalipirira makasitomala shapa kuti adzafike pakhomo.

Ataona kuti ogula a ku Africa safika mokwanira, anaunyamula msikawo kubwera nawo kuno. Bungwe la India ITME Society, limene limakonza cionetsero cacikulu ca makina a nsalu kwawoko, linacititsa cina ku Addis Ababa mu February 2020, ndi cinanso ku Nairobi kumapeto kwa 2023. Ndipo musaganize kuti ndi India yekha. Ku Italy, boma lili ndi nthambi yochedwa ICE imene imamanga misasa ya dziko lawo pa zionetsero za kunja n'kuikamo makampani awo opanga makina a nsalu. Cionetsero cacikulu kuposa zonse, ca ITMA, cimacitika kamodzi pa zaka zinayi, ndipo mu 2023 cinali ku Milan. Maiko olemera omwewo amene amatiphunzitsa kuti boma lisamalowerere malonda, kwawo boma limanyamulira amalonda cikwama.

Kuperekeza kwina n'kwa ngongole, ndipo uku ndiye kumene kwandicotsa tulo. India ali ndi banki ya boma, Exim Bank, imene imabwereketsa maboma a ku Africa ndalama pa ciwongoladzanja cocepa, zobweza pa zaka zambiri. Pa wailesi timalengeza kuti dziko la abale latithandiza, anthu n'kuwomba m'manja. Cimene sitilengeza n'cakuti ngongole zimenezi zili ndi lamulo: pa magawo anayi a katundu ndi nchito zogulidwa ndi ndalamazo, atatu agulidwe ku India komweko.

Mu July 2016, nduna yaikulu ya India, Narendra Modi, inayenda maiko anayi a mu Africa pa ulendo umodzi. Pa 7 July inali ku Maputo, ndipo kumeneko anasainirana ndi boma lathu pangano la nandolo: India azigula matani 100,000 caka coyamba, n'kumakwera mpaka 200,000. Masiku ocepa pambuyo pake inali ku Nairobi, kumene anasainira ngongole ya madola pafupifupi 30 miliyoni yokonzera fabrika ya nsalu ya Rivatex ku Eldoret. Makina atsopano a fabrikayo anacokera kuti? Ku Coimbatore, kwa Lakshmi Machine Works uja. Ndalamazo tinganene kuti sizinatuluke n'komwe mu India: zinangocoka m'thumba la banki kulowa m'thumba la kampani. Ku Kenya kunapita makina ndi ngongole. Ulendo umodzi, sabata imodzi, munthu mmodzi: anapezera anthu ake ndiwo kwa ife, n'kupezera amisiri ake msika kwa anzathu. Ameneyo ndiye mtsogoleri amene wapita ku ulendo akudziwa cimene akukafuna.

Za nandolo simufuna kuti ndikukumbutseni. Caka ca 2016 mtengo unali wabwino, tonse tinathamangira, ena anazula cinangwa kuti abzale nandolo. Mu 2017 alimi a ku India anakolola kwambiri, ndipo mu August boma lawo linaika malire pa nandolo wolowa kucokera kunja. Mtengo kuno unagwa ngati papaya lakupsa. Ndinawerenga ndekha mitengo imeneyo pa wailesi, ndipo ndikukumbukira bambo wina amene anaimba osanena kanthu, anangopuma mwamphamvu n'kudula lamya. Tsidya la Muloza kunalinso maliro omwewo. Boma la India silinatifunse. Linayang'ana mlimi wake, n'kutseka citseko.

Kodi ndiwakwiyire? Ndayesa, zandikanika. Anthu amenewa anaphunzira ndi misozi yomwe ife tinalira. Pa nthawi ya ulamuliro wa Angerezi, thonje la India linkapita ku Manchester losapota, n'kubwerako ngati nsalu yoti Amwenye omwewo agule. Gandhi anawauza kuti aliyense azipota ulusi pakhomo pake, ndipo mu 1921 ku Bombay anthu anaunjika zovala zakunja n'kuziyatsa moto. Atalandira ufulu mu 1947 sanakhutire ndi kuwomba nsalu yokha, anafuna kupanganso makina owombera. Mu 1999 boma linayamba kuthandiza mafabrika a nsalu kulipira ciwongoladzanja akamagula makina atsopano. Mu February 2024, Modi anatsegula yekha cionetsero ca Bharat Tex ku New Delhi, ndipo nyimbo yake pa nkhani ya nsalu ndi imodzimodzi nthawi zonse: cinthu ciyambire kumunda, cipite ku ulusi, ku fabrika, ku covala, kenaka kunja. Ife timayambira kumunda n'kulumphira kunja, zapakatizo tinasiyira eni ake.

Pali bodza limene ndimalimva ngakhale kwa anthu ophunzira, lakuti ife anthu akuda za nsalu si zathu, tinazidziwira kwa alendo. Pamene David Livingstone anayenda m'cigwa ca Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje la mitundu iwiri, lakwawo limene ankati kaja ndi lobwera limene ankati manga, ndipo m'midzi anaona anthu akupota ndi kuwomba. Nsalu yawo, macira, inali yodziwika m'cigwa conse ca Zambezi kwa zaka mazana, ndipo Apwitikizi omwe ankaigula n'kumasinthanitsa ndi golide. Awo ndi makolo athu, olankhula cinenero comwe mukuwerengaci. Cimene cinapha luso limenelo si ulesi. Nsalu ya m'mafabrika akunja inasefukira, kenaka mu 1938 boma la Salazar linakhazikitsa bungwe loyang'anira thonje la m'maiko olamulidwa, ndipo kulima thonje kunakhala kokakamiza mpaka 1961. Thonje lonselo linkapita kukadyetsa mafabrika a kumpoto kwa Portugal. Agogo anga aakazi, amene anakulira mbali ya Morrumbala, ankationetsa zikhatho zawo akamafotokoza za mbalamatodya imene anamenyedwa cifukwa munda wa thonje unamera udzu pamene iwo anali ndi mwana wodwala. Ankati caka cimene anakolola thonje lambiri ndi comwe anavala ciguduli. Taonani, Salazar nayenso ankaperekeza mafabrika ake. Ankawaperekeza ndi zikhatho za agogo anga.

Titalandira ufulu tinali nawo mafabrika. Textáfrica ku Chimoio inkalemba anthu zikwi, inali ndi midzi yake ya anchito, ndipo timu yake ya mpira ndiyo inatenga cikho coyamba ca dziko lino mu 1976. Kunali Texlom ku Matola, Texmoque ku Nampula, Riopele ku Marracuene. Nkhondo inadula misewu ndi minda, mu 1987 kunabwera ndondomeko ya PRE yotsegula zipata za malonda, mabelo a kalamidade anasefukira, ndipo mafabrika aja anagwa mmodzimmodzi. Lero pali pang'ono pamene patsitsimuka: ku Marracuene akupota ulusi, ku Nampula akudinda makapulana. Koma gawo lalikulu la thonje la ku Cuamba, Morrumbala, Montepuez ndi kwina limacotsedwa njere, kumangidwa mabelo, n'kukwera sitima ku Nacala kapena ku Beira. Likapita ku Asia limakapotedwa, kuwombedwa, kudindidwa maluwa, ndipo ife timalilandira ndi nthungululu pa 7 Abril. Amayi, caka cino mukagula kapulana ya tsiku lanu, tayang'anani m'mphepete, mufunse wogulitsa kumene nsaluyo inawombedwa.

Tsono wina anena kuti, ngati zili conco, boma ligule makina, tiyambirenso. Apa ndiye ndikupempha kuti tikhale pansi, cifukwa ife a msewu wa Mocuba tili ndi umboni umene ena alibe. Aliyense amene anakwerapo shapa kupita ku Mocuba anazionapo zimphona za nyumba zija. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, boma la Samora linagwirizana ndi Germany ya kum'mawa, RDA, kumanga pamenepo fabrika ya nsalu imene inayenera kukhala imodzi mwa zikuluzikulu mu Africa. Makoma anakwera, makina anabwera, acinyamata analonjezedwa nchito. Nkhondo inafika, RDA inatha, ndipo fabrika ija sinagwirepo nchito imene anaimangira. Amalume anga anali mmodzi mwa odikira kuitanidwa. Anamwalira akudikirabe, ali wogulitsa makala.

Ngakhale ku Kenya kuja, kumene kulibe nkhondo, Uhuru Kenyatta anatsegula Rivatex yatsopano mu 2019 ndi cisangalalo cacikulu, koma fabrikayo yakhala ikuvutika kupeza thonje lokwanira kudyetsa makina ake. Wogulitsa makina analandira zake zonse. Ngongole ikubwezedwa ndi Akenya, makinawo azungulire kapena asazungulire. Ici ndiye cinsinsi ca malonda amenewa: boma la wogulitsa limaperekeza katundu mpaka pa doko lako, likatero latha nchito yake. Ngati boma lako silinakonze thonje, magetsi osazimazima, amisiri okonza, ndi munthu wodzagula nsaluyo, wagula manda a citsulo. Conco sindikupempha kuti nduna ikwere ndege mawa kukasaina makina. Ndikuopa zimenezo kuposa njala.

Tiyeni tione kuperekeza kwathu. Caka ciliconse kumapeto kwa August kumakhala FACIM ku Ricatla, m'boma la Marracuene, ndipo mu 2025 inakwana ka 60. Cigawo ciliconse cimakhala ndi msasa wake. Pa wailesi yakanema timaona zimene zaikidwa: timabotolo ta nandolo, ta nyemba, ta citowe, thumba la thonje, cidutswa ca mtengo wa mbawa, miyala ya mtengo wapatali, ndi zithunzi za mapiri. Mlendo akadutsa pamenepo amawerenga uthenga umodzi: bwerani mudzatenge, ife sitinakhudze. Mbali inayo kuli misasa ya maiko akunja, ndipo m'menemo muli mapampu, mathirakitala, zigayo, makina. Iwo abwera kudzagulitsa nzeru za manja awo, ife tapita kukaonetsa zimene mvula inatipatsa.

Ndipo amapitako ndani? Caka cina ndinapatsidwa cikalata coti ndiwerenge, conena kuti dera lathu likaimiridwa ku cionetsero. Ndinafunsa bwana amene anabweretsa cikalataco kuti andipatse maina a opita ndi nchito zawo, kuti omvera adziwe. Anandiyang'ana ngati ndamutukwanira mayi, n'kunena kuti nchito yanga ndi kuwerenga zolembedwa. Patapita masiku ndinawaona obwerako akutsika galimoto ndi zikwama zatsopano. Munalibe telala, munalibe kalipentala, munalibe wowocherera zitsulo, munalibe mayi wa gulu la alimi. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Munthu amene sanagwirepo makina, ukamutuma kukaona makina, adzakuuza za kukoma kwa nkhuku ya ku hotela.

Ndikudziwa mayankho amene ndipatsidwe, poti ndawamva kale pa lamya. Loyamba ndi lakuti India ndi dziko lalikulu, ife ndife osauka, boma lilibe ndalama. Abale anga, mu 2013 ndi 2014 dziko lomwe lino linabwereka mobisa madola pafupifupi 2 biliyoni, ndipo 850 miliyoni mwa izo zinali za EMATUM, kampani yogwira nsomba za atum. Mabwato anafika, n'kukhala pa doko la Maputo akucita dzimbiri. Pameneponso wogulitsa analandira zake, ife tinatsala ndi ngongole ndi metikali yakugwa. Dziko limene linapeza njira yogulira mabwato osapita pamadzi lisandiuze kuti lasowa tikiti ya basi ya atelala khumi. Ndalama ya ulendo ilipo kale, imatuluka caka ndi caka. Nkhani ndi yakuti imakwezedwa ndani.

Laciwiri ndi lakuti boma lisalowerere, msika udziyendetse wokha. Amene amanena zimenezi akafunse anthu a ku Nampula ndi ku Gaza za kaju. M'zaka za m'ma 1990 Banki ya Dziko Lonse inaumiriza boma lathu kucotsa citetezo pa mafabrika osenda kaju kuti mtedzawo uzituluka wosasenda. Mafabrika anatseka, anthu zikwizikwi anataya nchito, ambiri mwa iwo amayi. Ndipo kaju wosasendayo anapita kuti? Ku India, kukapatsa nchito amayi a kumeneko. Tinamvera malangizo amene opereka malangizowo sawatsata kwawo.

Lacitatu ndi lolemera, ndipo sindilipeputsa. Amati, iwe ukufuna kutilanda kalamidade, ife tivale ciyani? Malaya amene ndavala polemba izi ndi a pa mulu, kaunjika monga amanenera a tsidya, ndipo mlongo wanga amaphunzitsa ana ndi ndalama ya mabelo. Sindikunena kuti aletsedwe. Rwanda anakweza msonkho wa zovala zakale mu 2016, America n'kumulanga mu 2018 pomucotsera mwayi wogulitsa zovala zake kumeneko popanda msonkho. Kagame anapirira, koma mtengo wake unagwera osauka poyamba. Ife amene malire athu ndi njira ya njinga m'munda wa cimanga, lamulo lotero lingangolemeretsa ozembetsa. Munthu sugwetsa nyumba yakale usanafolere yatsopano.

Nanga ndikufuna ciyani? Ndikufuna boma liyambe kuperekeza anthu amene ali kale ndi makina m'manja, ngakhale makinawo ndi opalasa ndi phazi. M'misika yathu yonse, kuyambira Milange, Molumbo, Mandimba mpaka Ulónguè, muli atelala pakhonde lililonse. Ana athu onse a sukulu amavala yunifomu. Apolisi, anamwino, asilikali, onse amavala nsalu yogulidwa ndi ndalama za boma. Msika umenewo sufuna ndege kapena cionetsero ca ku Milan, uli m'manja mwa boma kale. Gulu la atelala likapatsidwa oda yotsimikizika ya zaka zitatu, lingathe kupita ku banki kukabwereka ndalama ya makina a magetsi, cifukwa likudziwa amene adzagule. Atelala akaculuka ndi kukula, wowomba nsalu amaona cifukwa comangira fabrika. Wowomba akakhalapo, wopota ulusi amapeza msika, ndipo mlimi wa thonje sadikiranso mtengo wa ku Asia wokha. Nyumba imayambira pa maziko. Ku Mocuba tinayambira pa denga. Masiku a ma sete milhões tinaona ndalama zikugawidwa m'maboma popanda wofunsa kuti wobwerekayo adzagulitsa kwa yani, ndipo tonse tikudziwa kuti zambiri sizinabwerere.

Za zionetsero, pempho langa ndi laling'ono moti ndikucita nalo manyazi. Maina a onse opita pa ndalama za boma, nchito zawo, ndi ndalama zimene zawonongedwa, ziwerengedwe pa wailesi m'Cinyanja ndi m'Cilomwe asananyamuke. Theka la mipando likhale la anthu opanga zinthu ndi manja, osankhidwa ndi anzawo. Akabwerako adzakhale pa maikolofoni atiuze zimene anaona, mtengo wake, ndi amene analankhula naye. Komanso tisamangoyang'ana ku Maputo, ulendo wa masiku awiri. Ku Chichiri mu Blantyre kumacitika cionetsero ca malonda caka ndi caka, ndipo kucoka pa Muloza ndi maola ocepa. Mu mzinda womwewo muli fabrika yakale ya David Whitehead, imene zitenje zake amayi athu anavala zaka zambiri, makamaka ife amene tinakulira m'misasa ya othawa nkhondo. Telala wa kuno angapite m'mawa, kuona makina, kufunsa mafunso m'cinenero cake, n'kugona kwawo tsiku lotsatira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma ulendo wa ku Chichiri ulibe ndalama zambiri zogonera, mwina n'cifukwa cake sumveka.

Ndipo tsiku limene mudzamve kuti dziko lakutilakuti latipatsa ngongole ya makina, kaya ndi India, China, Turkey kapena Italy, musafulumire kuwomba m'manja. Mu 2021 boma linakhazikitsa ndondomeko ya PRONAI yoti dziko likhale la mafabrika, ndiye ogulitsa makina abwera ndithu, ndi maboma awo pambuyo. Adzabwera ndi mapepala okongola ndi ciwongoladzanja cotsika. Tidzafunse kuti ana athu angati akaphunzire kukonza makinawo asanatsike m'sitima, zitsulo zosinthira zidzasungidwa kuti, thonje lidzacokera m'minda iti ndipo pa mtengo wanji, magetsi a Cahora Bassa amene ambiri amapita ku South Africa adzafika pamenepo osazima, ndipo nsaluyo adzagula ndani. Mafunso amenewa wogulitsa sangatifunsire, si nchito yake. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Pangano lisasainidwe m'Cingerezi ku hotela n'kutiuza ife pa tsiku lodula riboni. Adzalipira ngongoleyo ndi mwana amene lero ali kumbuyo kwa amake, womangidwa ndi kapulana ya ku India.

Mayi aja anaimbanso sabata yatha. Sanafunse za mankhwala. Anati kacitsulo kosungira ulusi wapansi kathyoka, kuno kulibe, ndiye makina aima masiku asanu ndi limodzi pamene ali ndi mayunifomu khumi ndi awiri oti apereke. Ankafunsa ngati pali womvera amene akupita ku Limbe kuti amutume. Anapezeka mnyamata wa njinga yamoto amene anavomera, ndipo tinawalumikiza pa wailesi pomwepo. Lacinayi likubwerali ndaitana a mu ofesi yoona za malonda kuti adzatiuze amene anapita ku cionetsero caka catha ndi zimene anabwera nazo. Kalata ndinapereka ndekha, ndipo anadinda kuti alandira. Mpando wa mlendo mu situdiyo ndaupukuta kale. Pulogalamu imayamba 18 koloko, lamya idzakhala yotsegula, ndipo atelala ndidzawapatsa mpata woyamba.